Chilonda Chikapola, Ulendo wa ku Gulupu Usathe

Ana anga a ku Madziabango, makolo akagonekedwa ku Gulupu magadiyani mumakhala inu, ndiye tcherani khutu. Bambo kapena mayi akachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo n'kuyambanso kudya nsima bwinobwino, musafulumire kulengeza kuti matenda atha. Dokotala amachotsa chotupa chimene wachiona. Tizidutswa tosaoneka timatha kutsala ngati mizu ya chitsa yodikira mvula, ndipo timakonda kukaphukira kuchiwindi kapena m'mapapo. Khansayi ikamabwerera, kawirikawiri imatero m'zaka 3 zoyambirira, mwinanso munthu asakumva kupweteka paliponse.

N'chifukwa chake amayeza magazi. Kuyeza kofala ndi kwa CEA, pakatha miyezi 3 mpaka 6 iliyonse, kwa zaka 5. Nambala ya tsiku limodzi sinena zambiri. Dokotala amaona ngati ikukwera ulendo ndi ulendo. Tsono bukhu lakuchipatala lizikhala m'jumbo, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha, ndipo zotsatira zilizonse muzizijambula pafoni. Ngati odwalawo amasuta, nenani, poti fodya amakweza nambalayo. Ikakhala yotsika, musajombe kusikani ndi kokaunikidwa m'matumbo, chifukwa khansa ina sionekera mu CEA.

Kunja kwabwera kuyeza kwa ctDNA, kofufuza m'magazi tizidutswa ta DNA ya chotupacho. Kafukufuku wa DYNAMIC wa ku Australia, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2022, adatsata odwala 455 a siteji 2. Madokotala atatsogozedwa ndi magaziwo, olandira chemo adali 15 pa 100 alionse m'malo mwa 28, koma obwereredwa matenda sadachuluke. Kuyezaku n'kodula kwambiri, choncho wina asakudyereni ndalama musanafunse dokotala wa odwala anu.

Chimene chimajombetsa ambiri ndi thiransipoti. Mukagulitsa nandolo kapena mukagawana kubanki m'khonde, patulirenitu ya minibasi ya anthu awiri, ndipo ndalama imeneyo isabwerekedwe ngakhale kukhale chinkhoswe. Mukaona magazi m'chimbudzi, maso achikasu kapena kuwonda kosadziwika bwino, musadikire tsiku lolembedwa. Katengeni kalata pachipatala cha Madziabango.

Inunso muli m'gulu lofunika kuunikidwa, poti khansayi imatha kuyenda m'banja. Mwana wa wodwala amayamba kuunikidwa ali ndi zaka 40, kapena kutatsala zaka 10 kuti afike msinkhu umene kholo lake lidapezeka nayo, ngati zimenezo zingafike msanga. Ulendo wotsatira, dzifunsireninso za inu eni.