MBOZI YOGONA M'NTHAKA NDI MANKHWALA OIDZUTSA

Alimi a madimba a ku Kitwe ndi ku Ndola, amene amagulitsa matimati ku misika ya Chisokone ndi Masala, aidziwa bwino mbozi yoboola matimati. Mbozi yomweyi imadyanso cimanga caciwisi ndi thonje. Koma ambiri sadziwa kumene imapita ikakhuta.

Ikakhuta imatsikira pansi, nikumba kauna, nisanduka cikwa cofiirira. Pa nyengo yotentha gulugufe wa usiku amaturuka m'cikwamo patapita masabata awiri kapena atatu, naikira mazira pa mbeu. Koma masiku akafupika ndi kuzizira, monga mu June ndi July, zikwa zina zimaleka kukula. Zimagona miyezi, osadya kanthu, kudikira kuti kufunde.

Tulo timeneti si tangozi ai. Timalamulidwa ndi timadzi ta m'thupi tochedwa mahomoni. Homoni imodzi ndiyo imapangitsa mbozi kufundula khungu ndi cikwa kusanduka gulugufe. Ikaleka kuturuka, cikwa cimagona, ikayambanso, cimadzuka.

Akatswiri anapanga mankhwala ofanana ndi mahomoniwa kuti anyenge thupi la kacirombo. Ena, monga methoxyfenozide, amafundulitsa mbozi nthawi isanakwane. Imaleka kudya, nifa. Mu 2011 David Denlinger wa ku Ohio State University ku America, pamodzi ndi anzace, anayesa mankhwala ena pa mbale wace wa mbozi yathuyi. Ena anadzutsa zikwa zogona, ena analetsa zikwa kugona, ndipo amtundu wina anaziletsa kudzuka. Gulugufe woturuka pakati pa cisanu ca kumeneko sapeza cakudya, ndipo amafa wosasiya mbumba. Nchito imeneyo inacitikira m'nyumba zoyeseramo, osati m'minda.

Phunziro kwa mlimi nali: mdani wogona ndiye wosabvuta kupha. Akatha kuthyola matimati, mlimi azule mitengo yonse yakale, ndipo agaule dimba lace lisanafike dzuwa la September. Khasu limagumula mauna, ndipo zikwa zofukulidwa zimapsa ndi dzuwa kapena kudyedwa ndi mbalame ndi nyerere. Wosiya dimba losagaula amasungira mnzace mbozi, nadzisungiranso yekha.

Wofuna kugula mankhwala ayambe wafunsa Mlangizi wa Zaulimi wa m'dera lace.