Ulendo wa ku Salima ndi Ana

Mayi athu a ku Kawale, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa komwe mungakasangalatse ana Loweruka lino. Ine ndikuti pitani ku Salima. Mulawire m'mamawa, muyambe mwalowa ku Kuti Wildlife Reserve. Kumeneko kulibe mikango kapena njovu, ndiye ana amayenda pansi kapena kupalasa njinga, n'kumaona mbidzi zikudya msipu chapafupi pomwepa. Dzuwa likakwera tsikirani ku Senga Bay, akasewere pamchenga, muwagulireko chambo chowotcha.

Koma chonde mayi, mwana akalowa m'madzi diso lanu lisachoke pa iye. Pewaninso malo a bango pomwe madzi ali odikha, nkhono zofalitsa likodzo zimakhala mmenemo. Ngati mukagone komweko, neti musaiwale.