PHUNZIRO 23: KUWERENGA NGOZI ZA PA MPHAMBANO

Mphambano ndi malo pamene miseu ikumana. Pamenepo woyendetsa galimoto wina alunjika, wina akhotera kumanja, wina kumanzere. Cifukwa ca ici ngozi zambiri zicitika pa mphambano, ndipo omanga miseu ayenera kudziwa mamangidwe amene apulumutsa miyoyo ya anthu. Iwo saombeza, koma awerenga.

Poyamba ajambula mphambano pa pepala, nawerenga malo onse pamene njira za magalimoto zikhudzana. Pa miseu iwiri yopingasana malo otere alipo 32. Mwa amenewa, 16 ndiwo oopsa koposa, pakuti galimoto idutsa kutsogolo kwa inzake. Koma akamanga cilumba cozungulira pakati, cimene anthu aciti raundabauti, monga zija ziri ku nsonga ziwiri za Cairo Road mu Lusaka, ndipo magalimoto azungulira mu mzere umodzi, malo otere atsala 8 okha.

Kenaka awerenga ngozi zenizeni. Apa pafunika nzeru, pakuti caka cimodzi cinyenga. Tinene kuti pa mphambano yina pacitika ngozi 3 caka ndi caka, koma caka cina pacitika 8. Anthu acita mantha naikapo cikwangwani. Caka cotsatira ngozi zibwerera pa 3, ndipo onse atamanda cikwangwanico. Komatu ngozizo zikadacepa ngakhale popanda ico, monga mvula ikagwa yambiri caka cino siibwereza caka ca mawa. Mlimi wanzeru saweruza munda ndi zokolola za caka cimodzi.

Cotero akatswiri asonkhanitsa mphambano zambiri. Pa iri yonse alemba ciwerengero ca magalimoto opita tsiku liri lonse, kutambasuka kwa mseu, kukhota kwake, ndi ngozi za zaka zingapo. Ndi zimenezi apanga lamulo la masamu, limene liwauza ngozi zoyembekezeka pa mphambano ya mtundu uli wonse, ngakhale isanamangidwe.

M'dziko la Britain, m'caka ca 1966, boma linalamula kuti galimoto yolowa pa raundabauti iyembekeze zimene ziri kuzungulira kale, zocokera kumanja. Lamulo lomweli litsatidwa m'Zambia. M'caka ca 1984 akatswiri awiri a ku Britain, Maycock ndi Hall, anafalitsa zimene anapeza pa maraundabauti 84. Anaona kuti pamene mseu wolowera ukhota bwino, magalimoto olowa saombana kawirikawiri ndi ozungulira, cifukwa woyendetsa akakamizidwa kucepetsa liwiro. Koma pamene polowera pali potambasuka kwambiri, ngozi zotere zicuruka.

Ku United States, m'caka ca 2001, ena anafalitsa za mphambano 24 zimene zinasandutsidwa maraundabauti. Posafuna kunyengedwa ndi zaka zoipa, anayerekeza ngozi zimene zinacitika ndi zimene masamu anati zikadacitika mphambanozo zikadakhala monga kale. Anapeza kuti mwa ngozi 100 ziri zonse, 38 zinapewedwa, ndipo mwa ngozi 100 zovulaza anthu, zinapewedwa 76.

Masamu amenewa sanganene tsiku la ngozi, kapena dzina la amene adzavulala. Angosonyeza malo pamene ngozi ibisala, kuti ndalama za boma zipite kumene zidzapulumutsa anthu ambiri. Cotsala ciri m'manja mwa woyenda. Mwana wopita ku sukulu, pofika pa mphambano, ayenera kuima, nayang'ana kumanja, kumanzere, ndi kumanjanso, asanaoloke.

MAFUNSO

1. Kodi pa miseu iwiri yopingasana pali malo angati pamene njira za magalimoto zikhudzana? Nanga pa raundabauti?
2. Cifukwa ninji sikuli kwanzeru kuweruza mphambano ndi ngozi za caka cimodzi?
3. Jambulani mphambano ya pafupi ndi sukulu, ndipo sonyezani ndi mtanda malo oopsa.