Yankho kwa Bambo Ofuna Kugulitsa Galimoto Yawo

Bambo athu a ku Mchinji, mwachita bwino potilembera kalata, pakuti safunsa anadya phula. Mwafunsa ngati kulandira ndalama ndi kupereka makiyi n'kokwanira. Ayi ndithu, bambo, sikokwanira konse.

Poyamba lembani pangano la malonda, m'mene mutchulemo dzina lanu ndi la wogula, manambala a ziphaso zanu za unzika, nambala ya galimotoyo, ya injini ndi ya chesisi, pamodzi ndi mtengo umene mwagwirizana, ndipo mboni ziwiri zisaine pansi pake. Ndalama zikalowa ndithu m'manja mwanu kapena ku banki, mutengane ndi wogulayo kunka ku ofesi ya Road Traffic ku Lilongwe, mutanyamula blue book, pepala la COF ndi la inshulansi, kuti dzina la mwini likasinthidwe m'kaundula wa boma. Pakuti dzina lanu likatsala m'menemo, tsiku limene galimotoyo idzagunde munthu pamsewu, woyendetsa n'kuthawa, apolisi adzagogoda pakhomo panu, ngakhale munaigulitsa kalekale.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Makiyiwo musapereke dzina lisanasinthidwe.