Kwa inu amene mwangogwira choko m'tauni

Ana anga, mwatuluka ku koleji ya uphunzitsi (TTC), akutumizani ku sukulu ya m'tauni, ndipo kwanu akululutira kuti mwapulumuka fumbi la kumudzi. Ndakondwa nanu. Koma khalani pansi kaye. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ine choko ndinachigwira mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Chiwerengero cha ana asukulu chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ambirife anatilemba tisanaphunzire uphunzitsi, tinadzaphunzira tili kale pantchito kudzera mu pulogalamu ya MIITEP. Kuchokera pamenepo zosintha sizinaleke. Mu 2007 kunabwera silabasi yatsopano ya PCAR, akuti mwana aziyesedwa mosalekeza, aziphunzira pagulu ndi anzake. Mu 2016 kunabwera National Reading Programme, ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga. Nanunso zanu zikubwera. Sindikunyoza, maganizo ake ndi abwino. Koma boma limawerengera ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, pamene inu mukapeza oposa 100, ena pansi, ena pakhomo, ena pansi pa mtengo kudikira kuti anzawo am'mawa aweruke.

Apa ndi pamene ndinagwera. Mapepala anachuluka: masikimu, malesoni pulani, marekodi a mwana aliyense. Nditaona kuti sindingamve ana onsewo akuwerenga, ndinayamba kungolemba malikisi m'buku, usiku, kunyumba. Mwana wosamumvapo liwu ndinkamupatsa malikisi okhoza. A PEA, alangizi oyendera masukulu, atabwera anayamikira mabuku anga, ine n'kumamwetulira. Ana aja anakwera mpaka Sitandade 5 osatha kulemba dzina la mayi awo. Mnzanga amene anawalandira sanandinene. Anangondionetsa makope awo. Manyazi a tsiku lija sanandichoke.

Musaphunzitse pepala. Ndabwereza, musaphunzitse pepala. Buku la marekodi likatsalira, a hedi akalipa, mawa aiwala. Mwana akatsalira, watsalira moyo wonse.

Chinanso ndi ndalama. M'tauni nyumba za aphunzitsi n'zochepa. Lendi ndi yanu, minibasi ndi yanu, makala ndi anu, ndipo kandalama kapadera kamene amalandira anzathu a kumidzi inu simukaona. Ndiye anzanu akunong'onezani za pati taimu. Ine ndinamvera. Poyamba ndinkangothandiza ofooka masana. Kenaka ndinayamba kusunga mitu yovuta ya masamu, m'mawa kungoikhudza pang'ono, masana n'kuimasula bwino kwa olipira okha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mayeso a Sitandade 8 atatuluka, ana a ogulitsa mandasi ndi tomato, amene analibe kangachepe kondipatsa, ndiwo anagwa. Amayi awo sanali opusa. Ankadziwa. Kumsika analeka kundipatsa moni, kumaliro ndinkakhala ndekha pamphepete. Ndalama zija ndinadya zinatha. Mbiri ija ndinayenda nayo zaka.

Za katapila sindichulukitsa. Khadi yanga ya kubanki inagonapo m'thumba la munthu wina, malipiro akalowa iye ndiye ankayamba kutapa. Mphunzitsi wangongole amalowa m'kalasi mtima uli kwina, ndipo mkwiyo wake umathera pa ana. Kumenya mwana ndi ndodo n'koletsedwa, komanso mwana amene mukumumenyayo si amene wachedwetsa malipiro anu. Dandaulo lanu likamveke ku bungwe la aphunzitsi la TUM, likamveke pamsonkhano wa komiti ya sukulu ndi makolo. Kumeneko lankhulani mosaopa. Nenani kuti mabuku sakukwana, kuti maphunziro a masiku ochepa ku malo osulira aphunzitsi a TDC sangasule munthu pa silabasi yatsopano. Kung'ung'udza mu sitafu rumu sikunawonjezerepo desiki.

Ndipo funsani. Amayi aja a Sitandade 1 amene mukuwaona ngati otsalira adutsa masilabasi angapo, ndipo amadziwa kukhazika chete khamu la ana popanda kukuwa. Ine ndinkawapeputsa, mawu anga n'kusasa teremu iliyonse. Safunsa anadya phula.

Ndikudziwa kuti zina mwa izi mungoseka, nanenso ndinkaseka. Koma inu mukadali koyambirira, dzina lanu silinade. Lolemba likubwerali, musanatsegule buku la marekodi, itanani ana asanu okhala kumbuyo kwenikweni, aliyense awerenge inu mukumva. Lachiwiri muitane asanu ena.