Kusakaniza Mankhwala Othandiza Madzi Kuyala pa Masamba: Phunziro kwa Alangizi

Mau oyamba

Mankhwala ambiri opopera mbewu amatayika chifukwa madontho amagubuduzika n'kugwera pansi, makamaka pa kabichi, repu ndi anyezi, mbewu zomwe masamba ake ali ndi phula. Tizigawo ta madzi timakokana kwambiri, motero dontho limakhala lobulungira. Mphamvu ya kukokana kumeneku pamwamba pa madzi ndi pafupifupi 72 mN/m. Mankhwala otchedwa surfactant amaitsitsa kufika cha m'ma 30, ndipo dontho limayala pa tsamba.

Kagwiridwe kake ka ntchito

Kagawo kalikonse ka surfactant kali ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta. Tizigawoti timayamba tandandalika pamwamba pa madzi. Pamwambapo pakadzaza, totsalato timaunjikana m'kati mwa madzi m'timagulu totchedwa micelle. Zikafika apa, kuonjezera surfactant sikutsitsanso mphamvu ija kwenikweni: ndi kuononga ndalama chabe, ndipo masamba akhoza kuwauka.

Mitundu yofunika kuidziwa ilipo itatu. Ya anionic ili ndi mutu wa magetsi a negative, ya cationic wa positive, pomwe ya nonionic mutu wake ulibe magetsi.

Zochitika mitundu ikasakanizidwa

Mitu ya anionic ikakhala yokhayokha imakankhana. Nonionic ikalowa pakati pake kukankhanako kumachepa, tizigawo timathithikana, ndipo micelle zimapangika pa mlingo wochepa kusiyana ndi wa anionic payokha. M'chaka cha 1979, D. N. Rubingh adafotokoza njira yowerengera kugwirizana kumeneku. N'chifukwa chake mankhwala ambiri olembedwa EC amabwera kale ndi mitundu iwiriyi, pa mlingo woyesedwa ndi opanga.

Anionic ndi cationic zimakokana mopitirira, mwakuti zikakhala pa mlingo wofanana zimaundana n'kupanga nsenga zotseka kamwa ya mpope. Calcium ndi magnesium wa m'madzi a m'mijigo ina amachitanso chimodzimodzi ndi sopo komanso anionic zina.

Zoyenera kuphunzitsa alimi

1. Awerenge malangizo a pa botolo. Surfactant aonjezere pokhapokha malangizowo atatero, ndipo ikhale ya mtundu wotchulidwawo.
2. Asathire sopo wa ufa wochapira zovala mu mpope. Sopoyu kawirikawiri amakhala ndi anionic, komanso amakweza pH ya madzi, zomwe zimafooketsa msanga mankhwala monga dimethoate ndi carbaryl.
3. Asanadzaze mpope, ayambe asakaniza pang'ono m'botolo loyera, pogwiritsa ntchito madzi omwe apoperewo. Pakaoneka nsenga, zibuma kapena mafuta oyandama, asapopere. Botololo lisagwirenso ntchito ya pakhomo.
4. Asiye kupopera madzi asanayambe kudontha pa masamba.
5. Avale zodzitetezera, popeza surfactant imathandizanso mankhwala kulowa m'khungu.

Mlangizi akalandira dandaulo lakuti mankhwala sakugwira ntchito, ayambe wafunsa za madzi ndi zomwe mlimi adathiramo asanalangize kugula ena.