MABUKU A PARISHI: PHUNZIRO LOCHOKERA KU MUA

Kunsi kwa mapiri a Dedza, pafupi ndi Mtakataka, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, kuli mishoni ya Mua. Abambo Oyera adaikhazikitsa m'chaka cha 1902, m'dziko la Mfumu Kachindamoto, pamene Ambuye Joseph Dupont, amene anthu ankawatcha Motomoto, anali Episkopi wa chigawo cha Nyasa. Amene adaona masiku aja ndi maso onse adatsikira kuli chete. Komabe mbiri ya Mua idziwika bwino mpaka lero, chifukwa idalembedwa.

1. Buku la tsiku ndi tsiku

Abambo Oyera anali ndi mwambo wolemba zochitika pa mishoni iliyonse m'buku, m'chilankhulo cha Chifalansa. M'menemo ankalembamo maulendo a m'midzi, kutsekulidwa kwa masukulu, milandu, matenda, ndiponso mikangano yao ndi a Nyau. Ngakhale mishoni ya kwa Mponda, imene idayamba mu 1889 ndi kutsekedwa mu 1891, ikumbukika chifukwa cha buku lotere. Mabuku ameneŵa ndiwo adathandiza Ian Linden kulemba mbiri ya Akatolika a m'Nyasaland, imene idasindikizidwa mu 1974.

Zaka zazikulu za ku Mua nzodziwika: chipatala cha akhate chidatsekulidwa mu 1927, Cornelius Chitsulo, mwana wa dera lomwelo, adadzozedwa unsembe mu 1937, woyamba mwa Amalawi, ndipo mu 1957 adadzozedwa uepiskopi kuti aŵete nkhosa za ku Dedza, mu 1976 Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a luso ndi chikhalidwe a Kungoni.

2. Mabuku a masakramenti

Koma mbiri ya anthu wamba ili m'mabuku ena. Msonkhano wa ku Trent udalamula mu 1563 kuti parishi iliyonse isunge buku la ubatizo ndi la maukwati, ndipo mu 1614 Eklezia adaonjezapo la omwalira ndi la mabanja. Malamulo a Eklezia a 1983, pa nambala 535, anenabe chimodzimodzi: buku la ubatizo, la maukwati ndi la omwalira alembedwe mosamala ndi kusungidwa bwino, akale omwe, ndipo Episkopi aziwayendera.

Buku la ubatizo ndilo tsinde la onse. Pambali pa dzina la mkristu amalembapo Ulimbitso wake, ukwati wake, kaya unsembe, kaya malumbiro osatha a m'chipani. Munthu angasamukire ku Lilongwe kapena ku Joni, mzere wake utsala komwe adabatizidwira, ndipo zonse zimabwerera kumeneko. M'masiku oyamba akatekumeni a Abambo Oyera ankaphunzira zaka 4 asanabatizidwe. Tsono dzina lililonse la m'masamba akale aja ndi umboni wa munthu amene adapirira nthawi yaitali.

3. Udindo wa katekisti

Bambo Mfumu ndiye wosunga mabuku, koma sangadziwe mudzi uliwonse. Zimene alemba, kaŵirikaŵiri azilandira kwa katekisti. Katekisti akalakwitsa dzina la mai wa mwana, kapena akalemba mudzi wina m'malo mwa unzake, cholakwacho chimagona m'buku zaka 20 kapena 30, ndipo chimadzuka tsiku limene mwanayo afuna kalata ya ubatizo kuti akwatire kapena aloŵe seminale. Pamenepo ukwati uchedwa, mboni zifunidwa, ndipo mwina mbonizo zidamwalira kale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: za lero zilembedwe lero.

Choncho katekisti asunge izi:

(a) Alembe dzina la ubatizo, la kumudzi ndi la mfunda, maina a makolo ndi a womuimirira, mudzi ndi mfumu yake.

(b) Akabatiza munthu wodwala kwakayakaya, adziwitse Bambo Mfumu msanga.

(c) Maliro onse a akristu awapereke ku parishi, asadikire kutha kwa chaka.

(d) Makope a kutchalitchi la kumudzi asaikidwe pansi kapena m'denga, poti chiswe, makoswe ndi mvula zilibe chisoni.

(e) Afunse okalamba za amene adamanga tchalitchi loyamba ndi za aphunzitsi oyamba, nalembe mayankho ao okalambawo akali moyo.

Makolo nawonso asamale kakhadi ka ubatizo ka mwana aliyense, ndipo akaona cholakwa apite nako ku ofesi ya parishi.

Mafunso okambirana m'limana

1. Kodi tchalitchi la m'mudzi uno lidayamba chaka chanji, ndipo zimenezi zidalembedwa pati?
2. Ndani adali katekisti woyamba?
3. Alipo akristu amene adamwalira chaka chino koma maina ao sanafike ku parishi?